Kusala si Kumanidwa: Za Chakudya cha Thupi ndi Chakudya cha Nzeru

Lamulungu Loyamba la Nyengo ya Lenti, Chaka A

Lachitatu lapitali akhristu adalandira phulusa pamphumi, ndipo lero Mpingo wawaikira nkhani ziwiri zonena za kudya. M'mawu oyamba, ochokera m'buku la Genesis mutu 2 ndi 3, mkazi waima pafupi ndi mtengo woletsedwa. Chipatso chake chikumukopa pawiri: mimba ikuchifuna, mutu nawo ukuganiza kuti chidzaupatsa nzeru. Mu Mthenga Wabwino wa Mateyo mutu 4, Yesu ali m'chipululu, wasala masiku 40 ndipo njala yamugwira. Satana akuyamba kumuyesa ndi chakudya, kuti miyala isanduke buledi. Ataona kuti zakanika, akutenga buku. Akutchula mawu a mu Salimo 91 pofuna kuti Yesu adziponye pansi kuchokera pamwamba pa Nyumba ya Mulungu. Katatu konse Yesu akuyankha ndi mawu a m'buku la Deuteronomo. M'mimba mwake munalibe kanthu, koma m'mutu mwake munali modzaza ndi Malembo amene adawamva ndi kuwawerenga kuyambira ali mwana ku Nazarete.

Choncho Lenti imafunsa mkhristu mafunso awiri. Nchiyani chimene chikulowa m'kamwa mwake? Nchiyani chimene chikulowa m'mutu mwake ndi m'mitu ya ana ake? Yankho la mafunso awiriwa lagona pa kusiyanitsa kusala ndi kumanidwa. Wosala amadziwa chimene akusiya, amadziwa chifukwa chake, ndipo amasankha yekha pamaso pa Mulungu. Womanidwa amangolandidwa, osauzidwa chifukwa. Ngakhale m'munda wa Edeni muja Mulungu sadamange mpanda kuzungulira mtengo. Adamuuza munthu poyera dzina la mtengowo ndi zimene zidzachitike akadya, nkumusiyira ufulu.

Thupi lanenepa, magazi akuthamanga

Kuno ku Karonga, monga m'madera ambiri a dziko lino, munthu akanenepa anthu amati zinthu zikumuyendera. Mayi akakwatiwa nkuyamba kudzaza chitenje, apongozi amayamikira kuti mwamuna akusamala. Bambo akatuluka mimba amatchedwa bwana. Kuonda kumaopedwa, makamaka kuyambira zaka zija Edzi idatenga anthu ambiri, pamene aliyense wotsika thupi ankalozedwa zala. Mantha amenewo ngomveka, koma abisa vuto lina limene likukula mwakachetechete.

Bungwe la MEIRU, limene lili ndi malo ake ofufuzira ku Chilumba m'boma lomwe lino, lidayeza anthu akuluakulu pafupifupi 29,000 pakati pa 2013 ndi 2016, ena m'midzi ya kummwera kwa Karonga, ena ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe. Zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2018. Zidaonetsa kuti m'tauni amayi 44 mwa 100 alionse ndi abambo 18 mwa 100 alionse anali onenepa kupyola muyeso. Kumidzi anali amayi 27 ndi abambo 9 mwa 100 alionse. Mwa anthu amene adapezeka ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, oposa theka sankadziwa nkomwe kuti ali nalo.

Tauni ya Karonga ikukula, ndipo moyo wake ukufanana ndi wa m'mizinda. Amene kale ankayenda pansi kupita kudimba kapena kupalasa bwato panyanja, lero amakhala pampando muofesi kapena m'golosale kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ulendo wochoka kunyumba kupita kumsika ndi wa pakabaza. Tiyi ngwa masupuni 4 a shuga, masana chipisi ndi kanyenya, ndipo poti dzuwa la kuno ndi loswa mtengo, mabotolo a zoziziritsa kukhosi amatsatana. Mapeto ake ndi matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi, kuphwanya kwa maondo, ndi sitiroko imene imagwetsa bambo wa zaka 50 nkusiya ana opanda wowalipirira fizi.

Zimene Mpingo umaphunzitsa za thupi

Paulo Woyera, m'kalata yake yoyamba kwa Akorinto mutu 6, amakumbutsa kuti thupi la mkhristu ndi nyumba yokhalamo Mzimu Woyera, ndipo mwini wake weniweni ndi Mulungu. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, m'ndime 2288 mpaka 2290, amaphunzitsa zinthu zitatu. Choyamba, moyo ndi thanzi ndi mphatso zimene munthu ayenera kuzisamala. Chachiwiri, thupi lisasanduke fano lolipembedza, ngati kuti kukongola ndi mphamvu ndiye zonse. Chachitatu, khalidwe la kudziletsa limapewa kupyola muyeso pa chakudya, mowa, fodya ngakhale mankhwala.

Chiphunzitso chimenechi chimatseka pakamwa ponyoza. Si onse onenepa amene ali adyera. Ena nchibadwa cha kumtundu, ena ndi mankhwala amene akumwa, ena thupi lidasintha atabereka, ena amadya chokhacho chimene thumba lawo lingathe kugula. Mkhristu sayenera kuseka mnzake wonenepa, ndiponso sayenera kunong'ona za mnzake amene wayamba kutsika thupi. Pali amayi amene adotolo adawauza kuti achepetse thupi, koma akuopa kuyamba chifukwa cha zimene anzawo a kumphakati adzanene. Miseche yotere ingathe kupha munthu.

Komanso Lenti si mpikisano wochepetsa thupi. Wosala kuti aoneke bwino pa Pasaka walandiriratu mphotho yake pasikelo. Koma munthu amene wazindikira kuti kadyedwe kake kakumufupikitsira moyo, nasankha kusintha chifukwa cha Mulungu amene adampatsa thupilo ndi chifukwa cha ana amene akumudalira, ameneyo akuchita ntchito yeniyeni ya kutembenuka mtima.

Pang'onopang'ono ndi mtolo

Thupi limasunga ngati mafuta chakudya chimene silidachigwiritse ntchito. Kuti mafutawo achepe, chakudya cholowa chichepeko ndipo ntchito ya thupi ichuluke. Palibe njira ina yachidule. Achipatala amayeza motere: kulemera kwa munthu m'makilogalamu kumagawidwa ndi msinkhu wake m'mamita wochulukitsidwa ndi msinkhu womwewo. Munthu wotalika mamita 1.6 wolemera makilogalamu 70 amapeza 27. Kuyambira 25 ndiye kuti thupi lapyola muyeso, ndipo kuyambira 30 ndiye kunenepa koopsa. Munthu wa makilogalamu 80 akangotsitsako makilogalamu 4 mpaka 8, kuthamanga kwa magazi ndi shuga zimayamba kale kusintha. Kutsika theka la kilogalamu pa sabata nkokwanira.

Chakudya choyenera chili kale m'misika ya kuno. Unduna wa Zaumoyo umaphunzitsa za magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyama, za mtundu wa nyemba, masamba, zipatso ndi mafuta. Vuto la mabanja ambiri nlakuti gulu loyamba limadzaza mbale yonse. Mpunga wa Kilombero, kondowole, nsima ndi mbalagha nzabwino, koma mitanda 4 ingathe kukhala 2, ndipo malo otsalawo nkudzaza chigwada, bonongwe, nkhwani, nyemba ndi usipa. Mafuta ophikira, kaya ndi a m'botolo kaya ndi mawese, ayezedwe ndi supuni m'malo mongothira. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mchere wa tsiku lonse usafike magalamu 5, amene ndi kasupuni kamodzi ka tiyi, ndipo shuga wothira asapyole masupuni ang'onoang'ono 12 pa tsiku. Botolo limodzi la mamililita 300 la zakumwa zambiri zotsekemera limakhala kale ndi masupuni 7 kapena 8.

Bungwe lomwelo limati munthu wamkulu agwiritse ntchito thupi lake mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndiye kuti mphindi 30 kwa masiku 5, ndipo ana mphindi 60 tsiku lililonse. Izi sizilira ndalama. Kuyenda ndawala m'mamawa dzuwa lisanakwere, kubwera ku Misa wapansi, kupalasa njinga, kulima kadimba kuseri kwa nyumba, kusewera mpira wamanja, kuvina ndolo kapena mapenenga mpaka thukuta kutuluka, zonsezi zimawerengedwa.

Pali zinthu ziwiri zoyenera kupewa. Choyamba ndi matiyi, mapiritsi ndi ufa zimene zimatsatsidwa pa Facebook ndi pa WhatsApp ndi lonjezo lochotsa mimba yaikulu m'masiku ochepa. Safunsa adadya phula: munthu ayambe wapita kuchipatala kukayezetsa magazi ndi shuga, nkufunsa achipatala. Chachiwiri ndi kudzizunza ndi njala. Amene amakhala tsiku lonse osadya, madzulo amadya za anthu atatu. Amene akakamizidwa ndi mkazi wake kapena mwamuna wake pomubisira shuga ndi kukiya kabati, amakadyera kumsika. Thupi limatsika ndi kukhazikika mwa munthu amene wamvetsa yekha chifukwa chake. Lamulo la Mpingo nalonso nlofatsa: kusala kwa Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera kumakhudza a zaka 18 mpaka 59, kusala nyama kumayambira zaka 14, ndipo odwala, amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi amene akumwa mankhwala ofuna chakudya sakakamizidwa.

Mneneri Yesaya, m'mutu 58, amaphunzitsa kuti kusala kokondweretsa Mulungu kumaonekera m'mbale ya wanjala. Dziko lomwe lino limene ena akulimbana ndi kunenepa, kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 ngopinimbira. Akhristu a kuno sasowa chitsanzo, pakuti Sisteri Beatrice Chipeta adayambitsa Lusubilo konkuno ku Karonga kuti ana amasiye adye ndi kuphunzira. Ndalama ya botolo limene silidamwedwe ili ndi kopita.

Daniele: wosamala pa mbale, womasuka pa mabuku

Pali mnyamata wina m'Malembo Oyera amene amalumikiza nkhani ya chakudya ndi nkhani ya mabuku. M'mutu woyamba wa buku la Daniele, iye ndi anzake atatu adatengedwa ukapolo kupita ku Babiloni, nkuikidwa pasukulu ya mfumu Nebukadinezara kwa zaka 3. Adapatsidwa zinthu ziwiri: chakudya chonona ndi vinyo wa patebulo la mfumu, ndiponso chilankhulo ndi mabuku a Ababiloni. Daniele adakana chakudyacho mwaulemu, napempha kuti ayesedwe masiku 10 akudya zamasamba ndi kumwa madzi. Atatha masikuwo, iye ndi anzake ankaoneka athanzi kuposa anzawo onse. Koma mabuku aja sadawakane, ngakhale anali a anthu opembedza milungu ina. Adawawerenga, adawadziwa kupambana eni ake, ndipo chikhulupiriro chake sichidagwedezeke. Chidamuteteza ndi chimene adaphunzira kwawo asanatengedwe, chomwe chidampatsa nzeru zosiyanitsira chabwino ndi choipa.

Mtima wa munthu nawo umadya, ndipo chakudya chake ndi mawu. Funso limene makolo, aphunzitsi, boma ndi Mpingo amakumana nalo nlakuti: mwana angatetezedwe bwanji ku mawu oipa? Njira yofulumira ndi kuletsa buku. Dziko la Malawi lidaiyenda njira imeneyi, ndipo likudziwa kumene imathera.

Zaka zimene mabuku ankaopedwa

Mu 1968 boma la Dr. Hastings Kamuzu Banda lidakhazikitsa lamulo ndi bungwe lounika mabuku, mafilimu, nyimbo ndi masewero. Mabuku ambirimbiri adaletsedwa, kuphatikizapo Animal Farm la George Orwell, nthano ya ziweto zimene zidathamangitsa mwini famu kenaka nkuyamba kuponderezana zokhazokha. M'chaka chomwecho Chitumbuka chidachotsedwa pawailesi ndi m'sukulu, ndipo agogo ambiri a chigawo chino akukumbukira mabuku a chilankhulo chawo akuzimiririka m'makalasi. Buku la ndakatulo la Jack Mapanje lotchedwa Of Chameleons and Gods, limene lidatuluka mu 1981, lidachotsedwa m'masitolo, m'malaibulale ndi m'sukulu mu 1985. Mu Seputembala 1987 mwini wakeyo, amene anali mkulu wa gawo la Chingerezi ku Chancellor College, adamangidwa nkusungidwa kundende ya Mikuyu mpaka Meyi 1991, osaimbidwa mlandu m'khoti.

Kenaka idafika nthawi ya Mpingo. Pa 8 Malichi 1992, tsiku la Lamulungu Loyamba la Lenti monga lero, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse mudawerengedwa kalata ya Aepiskopi yotchedwa Living Our Faith, imene idasindikizidwa m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi. Kalatayo idanena za malipiro ochepa a anthu apantchito, za kuthithikana kwa ana m'makalasi, za mavuto a m'zipatala, za kumanga anthu popanda mlandu, ndi za mantha amene ankatseka anthu pakamwa. Patangopita masiku ochepa Aepiskopi adaitanidwa kupolisi ku Blantyre, boma lidalengeza kuti kalatayo njoukira, ndipo kupezeka nayo udasanduka mlandu. Nyumba yosindikizira mabuku ya a Montfort ku Balaka idaotchedwa. Mu Epulo chaka chomwecho Monsinyo John Roche, amene ankatsogolera Dayosizi ya Mzuzu, adathamangitsidwa m'dziko. Nthawi imeneyo maparishi a Karonga ndi Chitipa anali pansi pa Mzuzu, pakuti Dayosizi ya Karonga idakhazikitsidwa mu 2010. Choncho mbusa amene adapirikitsidwayo anali mbusa wa akhristu a kuno.

Zimene zidatsatira zikufanana ndi nkhani ya m'buku la Yeremiya mutu 36. Mfumu Yehoyakimu, atakhala pafupi ndi moto nyengo yozizira, ankati akamuwerengera zigawo zingapo za mpukutu wa mneneri, iye nkudula ndi mpeni nkuponya pamoto, mpaka wonse udatha. Yeremiya adatenga mpukutu wina, Baruki nkulembanso zonse, ndipo adaonjezerapo zina zambiri. Kalata ya Aepiskopi nayo idafalikira kwambiri italetsedwa. Pa 14 Juni 1993 Amalawi adavotera ndale za zipani zambiri, ndipo malamulo aakulu a dziko amene adabwera pambuyo pake amateteza ufulu wa maphunziro m'ndime 25 ndi ufulu wolankhula zakukhosi m'ndime 35.

Pamene buku likukhudza Mpingo

Chilungamo chimafuna kuti Mpingo unenenso za mbiri yake. Kuyambira 1559 Mpingo unali ndi mndandanda wa mabuku amene Akatolika sankaloledwa kuwerenga. Mndandandawo udathetsedwa mu 1966, nthawi ya Papa Paulo VI, Msonkhano Wachiwiri wa Vatican utangotha. Mpingo sudanene kuti mabuku onse ngabwino. Udanena kuti udindo wopewa zowononga chikhulupiriro ndi makhalidwe ukadalipo, koma tsopano wasenzedwa ndi chikumbumtima cha mkhristu wophunzitsidwa bwino.

Nkhaniyi idafikanso pafupi mu 2017, pamene Unduna wa Zamaphunziro udachotsa m'sukulu za sekondale buku la Chichewa lotchedwa Kusintha Maganizo ndi Nkhani Zina. Chifukwa chake chinali nkhani imodzi ya m'bukumo, Mdalitso Wabodza, yonena za wansembe ndi sisteri ophwanya malumbiro awo. Akatolika ambiri adaona kuti nkhaniyo ikunyoza Mpingo ndipo siyoyenera ana. Alembi ena adadandaula kuti buku lonse lafera nkhani imodzi.

Apa mpofunika kudekha, pakuti mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo. Makolo ndiwo aphunzitsi oyamba a ana awo, monga Katekisimu amanenera m'ndime 2223, ndipo ali ndi ufulu wolankhulapo pa buku limene mwana aliyense akukakamizidwa kuliwerenga kuti akhoze mayeso a MSCE. Khanda silipatsidwa kanyenya, ndipo palibe amene amati mayi wake akulimana. Kusankhira mwana buku loyenera msinkhu wake ndi ntchito ya chikondi. Koma Mpingo umene kalata yake idatchedwa youkira mu 1992 uyenera kukhala woyamba kuchenjera ndi mpeni wa Yehoyakimu. Mkhristu asanafuule kuti buku lichotsedwe, adzifunse mafunso atatu. Kodi waliwerenga yekha lonse, kapena wangomva za tsamba limodzi pa WhatsApp? Kodi bukulo likuphunzitsa mwana kukonda choipa, kapena likuonetsa choipa kuti mwana achizindikire ndi kuchithawa? Kodi amene akutetezedwa ndi mwana, kapena ndi dzina la akuluakulu?

Funso lachitatuli nlowawa, koma Malembo Oyera salithawa. Baibulo silidabise chigololo cha mfumu Davide ndi imfa ya Uriya, silidabise ana a wansembe Eli amene ankadyera masuku pamutu anthu obwera kudzapembedza, silidabise Petro akukana Mbuye wake. Mwana amene sadamvepo kuti munthu wolemekezeka angathe kuchita choipa, amasowa mawu tsiku limene mphunzitsi, malume kapena mtsogoleri wa mpingo amufuna zosayenera. Ndipo m'buku la Ntchito za Atumwi mutu 19, pamene anthu a ku Efeso adatentha mabuku a matsenga, anali mabuku awoawo, ndipo adawabweretsa okha atatembenuka mtima. Paulo sadalowe m'nyumba zawo kukawalanda. Kumeneko kunali kusala.

Njala imene ilipo lero

Mneneri Amosi, m'mutu 8, adachenjeza za njala ina yoposa ya chakudya ndi madzi, njala yosowa mawu a Mulungu. Ana ambiri a m'boma lino vuto lawo lalikulu si buku loipa, koma kusowa buku. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, makalasi adadzaza, ndipo si zachilendo kuona ana angapo ataunjikana pa buku limodzi. M'nyumba zambiri za m'tauni muli wailesi yakanema ndi mafoni atatu, koma mulibe buku lina kupatula la nyimbo. Pamene akuluakulu akukangana za tsamba limodzi la buku la kusukulu, foni imene ili m'thumba la mwana ikumudyetsa usiku wonse zinthu zimene palibe nduna kapena episkopi angaziletse. Mlonda yekhayo amene angalowe naye m'chipinda ndi chikumbumtima chake.

Dayosizi ino idabala munthu amene adaidziwa njala ya mabuku. Legson Kayira, wa ku Nthalire m'boma la Chitipa, atamaliza sukulu ku Livingstonia adanyamuka wapansi mu Okutobala 1958 kukafuna maphunziro ku America. Adadutsa Tanganyika ndi Uganda mpaka kukafika ku Khartoum m'dziko la Sudan, ulendo wa zaka pafupifupi 2. M'katundu wake wochepa munali mabuku awiri, Baibulo ndi The Pilgrim's Progress. Pambuyo pake adalemba mbiri ya ulendowo m'buku la I Will Try. Mwana wa lero wa ku Kaporo, ku Nyungwe kapena ku Mlare ali ndi njala yomweyo, ndipo wina adzamudyetsa ndithu. Chimene makolo angasankhe ndi chakuti adzamudyetse ndani.

Basili Woyera, episkopi wa ku Kesareya m'zaka za m'ma 300, adalangiza achinyamata achikhristu kuti aziwerenga mabuku a Agiriki akale monga njuchi imachitira ndi maluwa, kutengamo chopangira uchi nkusiya zotsalazo. Luso limenelo mwana sabadwa nalo. Nduna ya ku Etiopiya ija ya m'buku la Ntchito za Atumwi mutu 8 inali ndi buku la Yesaya m'manja, koma idavomera kuti singalimvetse popanda woitsogolera. Filipo adakwera pagaleta, nakhala pambali pake.

Zoterezi zingathe kuchitika pakhonde la nyumba iliyonse. Mtsikana wa Fomu 3 wapeza nkhani yovuta m'buku limene wabwereka kwa mnzake, nafunsa kuti, “Bambo, kodi zoterezi zimachitikadi?” Bambo wina amalanda bukulo nkuliponya pamoto, ndipo mwanayo sadzafunsanso kanthu, adzakafunsa foni. Bambo wina amati, “Khala apa, mwanangu, tiwerengere limodzi. Ukuona kuti munthu uyu adalakwa pati? Ukadakhala iwe ukadatani?” Bambo wachiwiriyu wataya ola limodzi, koma wampatsa mwana wake chimene Daniele adapita nacho ku Babiloni. M'mera mpoyamba.

Zochita m'masiku 40 amenewa

Paulo Woyera, m'kalata yoyamba kwa Akorinto mutu 9, amayerekeza mkhristu ndi wothamanga pa mpikisano, amene amadzimana zambiri chifukwa akudziwa chimene akuthamangira. Palibe amene amamukakamiza. M'kalata yoyamba kwa Atesalonika mutu 5 amalangizanso kuti akhristu aziyesa zinthu zonse ndi kusunga zokhazo zabwino. Malangizo awiriwa akwanira pa mbale ndi pa buku pomwe.

Banja lililonse la m'parishi ino lingathe kusankha zochepa zimene lingakwanitse. Akuluakulu akayezetse kuthamanga kwa magazi ndi shuga Lenti isanathe. Shuga wa mu tiyi achepe, zakumwa zotsekemera zisiyidwe, masamba achuluke, ndipo ndalama yopulumukayo iperekedwe kwa osowa kapena igulire mwana wina buku. Amene angathe abwere wapansi ku Njira ya Mtanda Lachisanu lililonse. Miphakati ingathe kupangana masiku oyendera limodzi m'mamawa, pakuti woyenda ndi anzake safooka msanga. Madzulo foni ndi wailesi yakanema zizimitsidwe kwa mphindi 30, banja liwerenge mutu umodzi wa Mthenga Wabwino wa Mateyo, umene uli ndi mitu 28 ndipo ungathe kutha Sabata Loyera lisanafike. Kholo lililonse lipemphe kuona mabuku amene mwana wake akuphunzira chaka chino, liwerengeko limodzi mpaka kumapeto, ndipo ngati lapeza chodetsa nkhawa likakambirane ndi aphunzitsi mwaulemu. Amene ali ndi mabuku ongogona m'katoni awatulutse, kuti achinyamata a m'mphakati azibwerekana.

Adamu ndi Heva anali okhuta m'munda wodzaza zipatso, koma adagwa pa mawu ochepa a njoka chifukwa sadawayese. Yesu anali ndi njala m'chipululu, koma adaima nji chifukwa adadziwa kusiyanitsa mawu a Atate ake ndi mawu opotozedwa, ngakhale pamene Satana ankatchula Malembo. Ambuye yemweyo, amene amadyetsa anthu ake pa Misa iliyonse ndi Mawu ake poyamba, kenaka ndi Thupi lake, apatse akhristu a Karonga mphamvu zodziletsa pa chakudya, nzeru zosankhira ana awo zabwino, ndi kulimba mtima kosaopa choona. Amayi Maria, amene ankasunga mawu mumtima ndi kuwasinkhasinkha, awapempherere pa ulendo wonse wopita ku Pasaka. Amen.